Munandiuza kuti ndiyang'ane phiri

Pepani abale pokuvutitsani, sindinazolowere kulemba pano.

Amayi, lero munga wandibaya pochokera ku Songani, ndipo ndakhala pansi n'kulira ngati mwana. Ndakumbukira tsiku lija munandikhazika pamwendo panu m'njira yomweyi, n'kumandichotsa munga ndi kapini ka pachitenje chanu. Munati, "Usayang'ane phazi iwe, yang'ana phiri." Ndinakumverani. Ndinayang'ana phiri, osayang'ana inu. Chaka chomwecho munatisiya, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Phirilo lilipobe, koma nkhope yanu yandithawa. Ndayesetsa kuikumbukira, zikukanika.

Anthu a kwa Malemia, ngati wina anasunga chithunzi cha amayi anga, Anambewe ogulitsa zitumbuwa aja, ngakhale cha pagulu kutchalitchi, chonde ndiyankheni msanga.