Mlandu wa Zingwe Zodya

Anagogoda m'mawa dzuwa litatuluka kale, ine fulawa ali mpaka m'zigongono. Munali mu Julaye, chaka cha 2007, nthawi imene boma linalamula kuti mitengo ya zinthu itsike, zinthuzo m'malo motsika mtengo n'kungosowa. Ukalowa m'shopu ku Budiriro kuno unkapeza mashelefu ali mbee, wogulitsa atagwira tsaya. Buledi tinkangomumva dzina.

"Vhurai, mbuya!" Ndiko kunena kuti tsegulani agogo, m'Chishona.

Ndinatsegula ndi chigongono. Analowa apolisi, amuna awiri ndi mtsikana mmodzi. Anaima pakati pa chipinda n'kuyang'ana m'mwamba, poti kuchokera pa mpando kufika pa windo ndinali nditapingasa ndodo za matsache, ndipo pa ndodopo panalendewera timizere tachikasu tautali ngati mkono, tikuuma.

"N'chiyani ichi?" anafunsa wamkulu wawo, bambo wa ndevu za pamlomo.

"Chakudya, mwanangu."

Anathyola kamodzi, n'kutafuna, n'kulavula. "Mbuya, mukudyetsa anthu zingwe za nsapato?"

Anaseka onse, ine ndinaseka nawo. Kuseka kunatha pamene mtsikana uja anasuzumira kunsi kwa bedi n'kukoka thumba la fulawa lolembedwa Chipwitikizi. Anandilola kusamba m'manja ndi kutenga juzi. Zingwe zanga anazikolola n'kuziponya m'ndowa yochapira kuti zikakhale umboni.

Dzina lake lenileni ndi taliyatele, koma kuno palibe amene lilime linamulola, choncho ankangoti zingwe za agogo. Ndinkazimanga m'timapepala n'kugulitsa kwa azimayi anzanga pa mjigo. Zinkayenda malonda chifukwa sizichedwa kupsa, ndiye ndi magetsi ozimazima aja tinkhuni tiwiri tinkakwana. Kaphwetekere, kaanyezi, mwana wapita kusukulu m'mimba muli kanthu.

Ku polisi anandikhazika pa benchi mpaka masana. Wolemba milandu anavutika nane. Buledi anali ndi mtengo wake wa boma, shuga chimodzimodzi, mafuta ophikira chimodzimodzi, koma zingwe panalibe amene anaziikira mtengo. Anakanda mutu ndi cholembera, n'kukafunsa mnzake, mnzakeyo n'kudzasuzumira m'ndowa. Potsiriza wa ndevu uja anati, "Zisiyeni zingwezo. Ife tikufuna amene akulowetsa fulawa. Mbuya akatipatsa dzina, azikagona kwawo."

Dzinalo ndinali nalo, ndipo mpaka lero sindilitchula. Ndingoti mayi wa kuseri, poti nyumba yake inali kuseri kwa yanga. Anabadwira pa famu ya fodya, makolo ake ochokera ku Dedza ngati bambo anga, koma iye Dedza sanamuonepo. Mafamu atalandidwa anafika m'tauni ndi ana atatu, mwamuna atamwalira, alibe chitupa cha dziko lino ngakhale cha kwawo. Ankapita ku malire a Mozambiki m'njira zake n'kubwera ndi katundu. Ine chitupa ndinali nacho, ngakhale chinali cholembedwa kuti ndine mlendo m'dziko lomwe mchombo wanga unagwera, ku Mbare m'tauni momwemuno. Ine akanandilipiritsa n'kundimasula. Iye akanamukweza lole n'kukamutaya kutsidya kwa malire, ana n'kutsala okha.

"Ndinagula kwa munthu wodutsa, bwana," ndinatero. "Nkhope sindinaigwire. Maso akalamba."

Ananditsekera m'chitokosi. Munali azimayi ambiri, ogulitsa tomato, wina mwini butchala, wina wogwidwa ndi mabotolo a mafuta m'chikwama cha mwana. Mabulangete anali ochepa kuposa anthu, nsabwe zochuluka kuposa tonsefe. Madzulo ake wa butchala uja anandifunsa kuti chakudya cha azungu chotere ndinachidziwira kuti, ndipo ndinawauza za adona anga. Ndikuuzaninso inu, chifukwa popanda iwo nkhani ino ikanatha mwina.

Ndinagwira ntchito m'khitchini mwawo kuyambira ndili ndi mwana woyamba kumbuyo mpaka tsiku limene anawanyamula m'bokosi. Anali Mtaliyana, wamfupi, wa manja ngati a mwamuna, wolongolola kuposa wailesi. Amuna awo anabwera kuno ngati mkaidi wa nkhondo ya azungu ija, nkhondo itatha n'kukhalira, n'kuitanitsa mkazi kwawo. Adonawo Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, changa chothyokathyoka, ndiye tinkamvana bwino kwambiri. Sankandiyang'anira ali chiimire ngati madona ena. Ankapinda malaya n'kukanda nane, ndikalakwitsa n'kundimenya kadzanja.

Ankati kwawo ali mtsikana kunali mtsogoleri amene analowa mpaka m'mapoto a anthu. Tirigu ankachepa, ndipo iye sankafuna kugula kwa mayiko ena, choncho analamula kuti aliyense alime tirigu, ngakhale m'minda ya mphesa, kenaka ngakhale m'mabwalo a m'tauni. Anthu ankauzidwa kuti wokonda dziko lake adye mpunga, zingwe achepetse. Buledi woyera anatha, kunabwera wakuda wosakaniza ndi zosadziwika. Khofi atasowa anayamba kukazinga balere n'kumamwa.

"Ukudziwa chodabwitsa?" ankatero adona. "Mtsogoleriyo anafa kalekale, koma balere uja anthu akumwabe. Ati n'chikhalidwe chathu. Chikhalidwe chanji? Inali njala!"

Ine ndinkawayankha kuti nafenso chaka cha chilala tinadya chimanga chachikasu chija tinkachitcha kenya, tikulira kuti n'cha nkhuku. Iwo n'kuseka mpaka misozi, ati kwawo chachikasucho ndiye amphawi anakulira, lero olemera akuchigula m'mahotela.

Koma nkhani imene ankainena motsitsa mawu inali ya mayi awo. Nkhondo itavuta, chakudya chinkaperekedwa moyeza, ndipo mayiwo ankagula fulawa mobisa kwa bambo wina wa chigayo kuti ana asafe. Anawagwira. Atawafunsa kuti wa chigayoyo ndani, iwo anayamba kufotokoza kakandidwe ka zingwe. Akafunsidwanso, n'kupitiriza pomwe analekezera. Anabwerera kunyumba mano awiri a kutsogolo palibe, n'kusamba m'manja, n'kufunsa ngati ana adya.

"Wofunsa amadana ndi munthu wokhala chete," adona ankatero, "koma nkhalamba yolongolola imamutopetsa. Amayamba kuganiza kuti m'mutu mwake mulibe kanthu."

Izi ndi zimene ndinawasimbira anzanga m'chitokosi muja. Kenaka wa tomato wina anati, "Ndiye inu gogo mawa mukawaphunzitsa kuphika?"

"Akandifunsa bwino," ndinatero.

M'mawa mwake ananditengera m'kachipinda ka kumapeto, kopanda windo. Munali wa ndevu uja ndi mnyamata wina amene sanavale yunifolomu.

"Fulawa anakupatsani ndani?"

"Fulawa ameneyo, bwana, mumayamba mwamuunjika patebulo ngati chulu. Pakati mukumbe kadzenje. Mazira muswere m'kadzenjemo, akasowa muthire madzi, koma pang'ono."

"Sitikufunsa zimenezo."

"Ee, ndikufika komweko. Mukande mpaka mtanda usalale ngati tsaya la khanda. Ndiye muufundike ugone. Ambiri amalakwitsa pamenepa, amaupupulumira."

Mnyamata uja anamenya tebulo. "Iwe mubhurandaya! Anthu opanda kwawo inu, mwatiwonongera dziko!" Mubhurandaya ndi mmene amatitchulira ife a ku Malawi akafuna kutinyoza, ngati tonse tinachokera ku Blantyre.

"Pepani bwana. Ukadzuka mtandawo, mutenge botolo la mowa losamba bwino, muziupsinja nalo mpaka upyapyale moti mukaika dzanja kuseri muziliona."

Anandiuza kuti ndivule nsapato ndi kugona chafufumimba pa benchi. Za pamenepo sindinena zambiri. Anali ndi kapaipi ka pulasitiki. Kuyambira nthawi imeneyo ndimagula nsapato zokulirapo, ndipo mu Juni ndi Julaye mapazi anga amadziwa kuzizira anthu ena asanadziwe. Ndikukumbuka kuti atatopa anandifunsanso, ine ndinali nditafika podula, kuti mupinde mtandawo ngati chitenje n'kumadula ndi mpeni m'lifupi mwa chala. Wa ndevu anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Chembere iyi yapenga," kutanthauza nkhalamba. Anzanga a m'chitokosi ndi amene anandinyamula kuchokera pakhomo, wa butchala n'kung'amba mpango wake, kuunyowetsa, n'kundikulunga.

Anandiitananso tsiku lina, n'kundiitananso. Tinafika mpaka pa msuzi. Ndisaname, sikuti ndinalibe mantha. Dzina lija linkabwera lokha mpaka kummero, ine n'kulikankha ndi anyezi ndi adyo. Ndinkaganiza za mayi a adona aja, amene sindinawaonepo, a kudziko limene sindidzalipondako, kuti ngati iwo anatha ndi mano awo, ine ndilephere bwanji ndi mapazi.

Choopsa chenicheni chinabwera Lamlungu masana, nthawi imene abale amaloledwa kubweretsa chakudya. Anandiitana ku kauntala. Ndikuyenda chogwira khoma, ndinakweza maso. Amene anaima apo, mbale yomanga m'nsalu ili m'manja, anali mayi wa kuseri. Maso ake anali ofiira. Ndinaona kuti wabwera kudzadzipereka. Wa ndevu anali pomwepo, akumwa tiyi.

"Amayi," anayamba iye, "ine sindingathe kuti inu..."

"Iwe!" ndinakuwa, mpaka wa ndevu anatayira tiyi pa malaya. "Lero ndiye wakumbuka kuti uli ndi apongozi? Masiku onsewa unali kuti, chiwaulesi iwe?"

"Ndani ameneyu?" anafunsa wa ndevu.

"Mkazi wa mwana wanga, bwana. Tinangotaya ng'ombe zathu pomulowola. Ngakhale madzi amapsereza. Tamasula tione." Mayiyo anamasula nsaluyo. Munali mbatata ndi masamba, zophikidwa bwino zedi. Ndinanunkhiza n'kukankha mbaleyo. "Mwaona? Akufuna ndifere muno kuti atenge nyumba. Choka! Pita ukasambitse ana, ndipo usadzapondenso kuno. Ndikakuonanso pano ndikutemberera."

Apolisi onse a pa kauntala anagwa n'kuseka. Mtsikana wapolisi uja anamuuza mayiyo kuti, "Pitani sisi, vamwene otere ngakhale ife atitopetsa." Vamwene ndiwo apongozi aakazi. Mayi wa kuseri anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenaka anatembenuka n'kutuluka. Ndinamutsatira ndi maso mpaka anadutsa pa geti. Mbatata zija apolisi anadya.

Sabata yotsatira anandimasula. Mwana wanga weniweni, amene amagwira ntchito kutali, anafika n'kulipira chindapusa cha kusunga katundu mobisa. Fulawa apolisi sanabweze. Ndowa anabweza, yopanda kanthu, ndipo mtsikana wapolisi uja pondipatsa anayang'ana kumbali n'kufunsa monong'ona kuti, "Mbuya, paja zingwe zija zimawira nthawi yaitali bwanji?" Ndinamuuza kuti azilawa, zikamaluma pang'ono pa dzino aphule.

Titatsika kombi, minibasi ya kuno, ndinayenda pang'onopang'ono, mwana wanga atandigwira mkono. Azimayi a pa mjigo anasiya zigubu n'kululutira. Mayi wa kuseri sanali pakati pawo. Ndinamupeza pakhomo panga atakolopa m'nyumba monse, madzi ofunda ali m'beseni. Sanandipatse moni. Anandikhazika pa mpando, n'kugwada, n'kundivula nsapato, ndipo ataona mapazi anaika nkhope m'chitenje changa.

"Mukanangonena, amayi."

"Ndinanena zambiri," ndinatero. "Kawafunse. Mpaka msuzi."

Anaseka akulira, n'kuyamba kundisambitsa.

Zaka zapita, ndipo anthu amandifunsa ngati ndinasangalala tsiku limene ndinatuluka. Ndinasangalala, inde, koma sindinamve kuti ndamasuka. Kwa nthawi yaitali ndinkaphika chitseko chili chotseka, munthu akagogoda ndinkayamba ndaponya nsalu pa mphika. Adona ankati mayi awo anakhala akubisa buledi m'kabati ya zovala mpaka kumwalira, m'dziko la mtendere, mashopu atadzaza. Kale ndinkaseka. Pano ndikudziwa kuti boma likakulowera m'khitchini limachedwa kutuluka kuposa mmene iwe umachedwera m'chitokosi. Kwa ine ufulu unabwera mochedwa, tsiku wamba, nditazindikira kuti ndakanda mtanda wonse pakhonde, anthu akudutsa, ine osatembenuka n'kamodzi komwe.

Mayi wa kuseri akadali kuseri komweko. Chitupa anachipeza patapita nthawi, ana ake anakulira pakhomo pa mayi wawo, ndipo wamkulu ali ndi ana ake tsopano. Manja anga anafooka, ndiye Loweruka amabwera iye kudzandikandira. Sagogoda. Amangoima pa mpanda n'kufuula kuti msewu wonse umve: "Apongozi! Chiwaulesi chanu chija chafika!"