Chaka Chimene Tinalambula Njira

Ife sitinabadwire kuno. Tinawoloka Muloza ndi mitolo pamutu, ine, amayi, amalume ndi ana awo, chaka chimene asilikali a Apwitikizi ankagwira amuna m'midzi kuti akanyamule katundu. Amuna anga anawagwira kutatsala masiku atatu kuti tinyamuke. Ndinawalondola mpaka pamene anawamangirira pamodzi ndi anzawo, ndipo tinangolankhulana pang'ono. Iwo anati, “Pitani ndi amalume, musandidikire kuno. Ndikamasuka ndidzakutsatani kuphiri. Koma muzitseka njira.” Ndinali ndi pakati pa miyezi iwiri ndipo sindinawauze, poti nanenso ndinali ndisanatsimikize.

Ana a masiku ano mukamva zotseka njira mumaganiza za mpanda. Ayi. Kwathu munthu akatsogola paulendo, mnzake n'kumabwera pambuyo, wotsogolayo akafika pa mphambano amathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka mopingasa pakamwa pa njira imene sanalowe. Wapambuyo akafika safunsa munthu. Yotsekedwayo amaisiya, n'kulowa yotseguka. Anthu ena odutsa amangoilambalala nthambiyo podziwa kuti siikunena iwo, koma amene amuikira salumpha.

Tinamanga kumunsi kwa phiri la Mulanje, chakufupi ndi Likhubula, pamalo amene eni dziko anatiloza. Panali mphambano imodzi pansi pa mkuyu waukulu. Njira yakumanzere inkapita kuminda ya mzungu wa khofi ndi tiyi. Yakumanja, kanjira kakang'ono kolowa m'tchire, ndiyo inkafika kwathu. Aliyense wobwerera kutsidya kukatenga abale ake ndinkamutuma mawu omwewo: mukawaona amuna anga muwauze kuti ndi pa mkuyu, ndipo yotseguka ndiyo yathu. Kenaka masiku atatu alionse ndinkathyola nthambi yatsopano n'kutseka njira yakumanzere. Mbuzi zikaidya, ndinkaikanso ina. Mwana anabadwa, wamkazi, anakwawa, anayamba kuyenda, ine ndili pa ntchito yomweyo. Dzinja linadutsa kawiri. Amayi a m'mudzi ankandiseka kuti ndinakwatiwa ndi mkuyu, ine n'kumawayankha kuti bola mkuyu sumwa mowa ngati amuna awo.

Ndiye kunabwera mesinjala wa ku Boma, chisoti chofiira pamutu, kudzaitana mafumu kumsonkhano. Mfumu yathu inali nkhalamba yofatsa, mapazi atatha ndi matekenya, choncho inatuma amalume. Anapita ali munthu wanzeru zake, koma anabwerako atasokonezeka kuposa ife amene tinatsala.

Amayi anawafunsa kuti, “Achimwene, akuti chiyani kumeneko?”

“Akuti mafumu agwirizana ndi mzungu wa pa Boma kuti ndalama zina za msonkho zibwerere kumidzi.”

“Eya! Ndiye atigawira liti?”

“Ayi, satigawira. Akuti zikonze njira.”

“Njira yadwala chiyani?”

Amalume anakanda m'mutu. Anati njira zathu akuti n'zopapatiza, machila sadutsa bwino, ndiye tizilambule zikule. Anatinso pafupi ndi kasukulu ka udzu kamene kanali pa mkuyu paja palambulidwe bwalo la ana. Ife tinayesa bwalo la milandu kapena la gule. Ayi, ati la masewera. Anthu ogwira ntchitoyo adzalandira mchere ndi timakobiri.

Pamenepo ndi pamene mutu wanga unaima, ndipo kunena zoona sunayendebe bwino mpaka lero. Tinagulitsa nkhuku kuti tipereke msonkho. Msonkho unapita ku Boma pamutu pa munthu. Tsopano ukubweranso pamutu pa munthu wina kuti atilipire ife tomwe, tikalime pamalo posadzala kanthu. Nanga bwanji osangotisiyira nkhuku zathu? Ndinafunsa amalume, iwo anati, “Iwe, nanenso ndinafuna kufunsa zomwezo, koma onse anali atavomera kale ndi mitu.” Pambuyo pake tinamva kuti amene anavomera ndi mitu aja ankayang'ana anzawo, aliyense poganiza kuti mnzakeyo wamva.

Aphunzitsi, mnyamata waulemu wochokera ku Mishoni, anayesetsa kutifotokozera za bwalolo. Anati ana azidzathamangapo ndi kuguba pamzere kuti matupi alimbe. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Aphunzitsi, ana awa akusowa pothamanga? Dziko lonseli? Ine ndimavutika kuwakhazika pansi, inu mukuwalimira munda woti azithamangamo?” Aphunzitsi anangoseka, nati tidzaona tokha ubwino wake.

Ine ndinalowa nawo ntchitoyo. Mwana analibe kansalu, ndipo mchere tinkachita kutcheza wa phulusa. Amuna ankadula mitengo ndi kuzula zitsa, ife amayi tinkatuta nthambi ndi udzu. Woyang'anira anali kapitawo wamfupi wochokera kwina, amene ankatitchula Anguru ngati akulavula. Ankayenda ndi nsungwi yaitali yoyezera. Akaigoneka mopingasa, paliponse pamene nsonga yakhudza tsamba pankayenera kulimidwanso. Msewu watsopanowo unatsata njira yakumanzere ija, yopita kwa mzungu.

Tsiku loyamba lomwelo kapitawo anaipeza nthambi yanga ili pakati pa njirayo, n'kuimenya theche.

Ndinati, “Akapitawo, musachotse, imeneyo ndaika ine.”

“Waika iwe? Ya chiyani?”

“Ndatsekera amuna anga, akubwera pambuyo.”

“Akubwera liti?”

Funso limenelo linandipsetsa mtima. Ndinati, “Akubwera tsiku limene akubwera, inu zikukukhudzani pati?” Iye anati mumsewu wa Boma simugona kanthu, ngakhale tsamba, ndipo akadzapezanso nthambi pamenepo ndidzakaifotokozera ku Boma. Ndinamutukwana m'Chilomwe, iye osamva, amayi anzanga akubisa nkhope. Koma nthambi yanga inapita. Ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu, njira zonse ziwiri zikakhala zotseguka munthu amafunsa, ndipo ntchito ikatha ndidzaona chochita.

Titamaliza pamenepo tinayamba bwalo, kuseri kwa mkuyu. Ha, nthambi zake! Kapitawo sankafuna mulu pabwalo, sankafuna mulu m'mbali mwa msewu, ndipo kutentha anakana poopa kuti moto ugwira sukulu. Tikafunsa kotaya ankangoti, “Kutali!” n'kuloza ndi mlomo. Tchire linali lothithikana, la minga, ndipo malo okhawo otseguka pafupi anali pakamwa pa kanjira kathu. Masiku amenewo tonse tinali titayamba kudulira pabwalo popita kunyumba, poti kunali kufupi, ndiye kanjirako sikankapondedwa. Mayi wina anataya mtolo wake pamenepo. Wachiwiri ndinali ine. Ndinataya wina, ndi winanso, nthambi zaziwisi, zogona mopingasa bwinobwino.

Musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Ndadzifunsa ndekha zaka zonsezi. Ine amene ndinasamala mphambano imeneyo ngati mwana, ndinatseka njira yanga ndi manja anga, masiku anayi athunthu, mutu uli pa mchere ndi pa nsungwi ya kapitawo. Kwa ine zinali zinyalala za ntchito basi.

Tsiku lachisanu m'mawa ndikusambitsa mwana, zinangondifikira zokha. Mayo ine! Ndinamusiya mwana ali ndi madzi m'thupi n'kuthamanga. Nditaima pamene amaima mlendo wochokera ku Muloza, ndinaona zimene iye akanaona: kumanzere msewu woyera, wotseguka, wosesedwa, kumanja kanjira kathu katatsekedwa mpaka m'chiuno. Ndinakoka nthambi zonse ndikulira, minga ikundicheka manja. Amayi atandipeza anati, “Mwanawe, usadzipweteke. Munthu sanabwere zaka ziwiri, angasankhe masiku anayi omwewa?” Ndinavomera. Ndinafuna kuvomera.

Ntchito inatha. Tinalandira mchere wathu, ndipo mwana ndinamugulira kansalu. Machila anadutsa mumsewumo kangapo. Pabwalo ana anaguba kwa sabata ziwiri, kenaka anabwerera kumtsinje kumene ankasewera kale, poti pabwalopo panalibe mthunzi ndipo zitsa zotsalira zinkawabaya. Mvula itagwa panamera udzu wabwino kwambiri, mbuzi zinasangalala. Chaka chotsatira mesinjala anabweranso kuti tilambule kachiwiri. Amalume anafunsa ngati sizingatheke kudzalapo chinangwa kuti polimapo pakhale chifukwa, ndipo anauzidwa kuti samvetsa za chitukuko. Iwo anavomera kuti n'zoona, samvetsa.

Ine ndinapitiriza. Mumsewu sindikanaika kanthu, ndiye ndinkangosesa pakamwa pa kanjira kathu kuti kazioneka kuti kumapita anthu. Obwera kuchokera kutsidya ndikawafunsa, ena ankati amuna anga anafera kunyanja ndi katundu pamutu, ena ankati anathawa kalekale ndipo anawoloka. Sindinkadziwa ngati ndimete maliro kapena ndifulule mowa.

Mwana ali ndi zaka zinayi anatuluka chilonda pamwendo chosamva mankhwala a zitsamba, ndiye ndinamubereka kupita naye kuchipatala cha ku Mulanje Mishoni. Tili pamzere panja, anafika amuna onyamula machila, atabweretsa mzungu wodwala wa kuminda ya tiyi. Anatula, n'kukhala pansi pa mtengo akupukuta thukuta. Mmodzi ndinamuzindikira ndi kakhalidwe kake, mwendo umodzi ataupinda pansi. Anali amuna anga. Ndinapita n'kugwada chapatali pang'ono, monga mwa ulemu wake, koma mawu amene anatuluka analibe ulemu.

“Inu! Muli moyo?”

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Kenaka anati, “Ndili moyo, mayi. Kaya inu kumeneko.” Ngati akupatsa moni munthu wapamsika.

“Kaya ine? Zaka zinayi ndikudikira, inu muli pompano, mukunyamula azungu?”

Maso awo anapita pa mwana amene anali atandigwira nsalu. Anafunsa motsitsa, “Uyu ndi wa bambo amene munapeza?”

“Bambo wake uti? Tamuyang'anani pamphumi! Werengani miyezi ngati mumatha kuwerenga. Ndinawoloka naye ali m'mimba.”

Anawerengadi, ndi zala, milomo ikugwedezeka. Atamaliza anagwira pakamwa. Anati anathawa kwa Apwitikizi chaka chachitatu, anamva uthenga wanga wa mkuyu, ndipo anayenda masiku asanu ndi limodzi osagona m'mudzi wa munthu. Atafika pa mkuyu anapeza kanjira kakumanja katatsekedwa.

“Sinali nthambi imodzi yoti mwina yagwa ndi mphepo, mayi. Munaunjika.”

“Zinali zinyalala za bwalo! Kapitawo anatikaniza kotaya!”

“Bwalo la chiyani?”

“La ana, loti azithamangapo.”

Anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza bodza la mwana. Ndipo ndikanawafotokozera bwanji chinthu chimene ine mwini sindinachimvetse? Ndinangokalipa. Ndinati safunsa anadya phula, munthu wamkulu ngati inu kulephera kulumpha nthambi zimene mbuzi inkalumpha, kulephera ngakhale kuitana? Iwo anati mudzi ndi wa mkazi, mkamwini salowa pamene amutsekera, ndipo ine ndikudziwa zimenezo. Ndinkadziwadi. Anatsata msewu wotseguka mpaka kwa mzungu, analembedwa ntchito, ndipo patapita chaka anakwatira komweko. Anali kale ndi mwana wakhanda.

Ndinati, “Komabe mukanafunsa. Anthu tinali pomwepo, kuseri kwa mkuyu.”

“Ndikudziwa kuti munali pomwepo,” anatero. “Ndinakhala pansi pa mphambano kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka. Ndinkamva makasu, ndinkamva amayi akuimba. Ndinati ndidikire, mwina nthambizi si za ine. Kenaka ndinamva mawu anu. Munkaseka, mayi. Munkaseka kwambiri, mpaka kutsokomola, monga mumachitira muja. Ndinati munthu amene akudikira mwamuna saseka chonchi. Ndiye ndinadzuka.”

Kapitawo wawo anaitana. Amuna anga anamugwira mwana pamutu kamodzi, mwana n'kubisala kumbuyo kwanga poti sankawadziwa. Anapita kukanyamula mtengo wa machila, ine ndinabwerera pamzere, poti chilonda chinali chisanatsukidwe.

Nditafika kumudzi ndinafunsa amayi onse amene tinkatuta nawo nthambi kuti tinkaseka chiyani masiku amenewo. Wina anati tinkaseka kapitawo atagwera m'dzenje la chitsa. Wina anati ayi, tinkaseka aphunzitsi akutionetsa kaguba kake. Wina anati iye sakumbukira kuti kunali kuseka, kunali kutopa kokhakokha. Ine ndayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa, ndipo sindikudziwa chimene ndinkaseka.