Mphaka Amene Anandilanda Mutu wa Mlamba

Ndisanayambe, mboni zanga ndi izi: mlongo wanga Esnati, amene anakwatiwa ku Namitete ndipo saiwala chilichonse chondichititsa manyazi, amalume a Gelesomu, omwe anamwalira koma sananamepo, ndi mphaka mwini nkhani, yemwe ngakhale ali moyo sankayankha mafunso.

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Kabudula, ndipo ndinali mkulu woona za makoswe pakhomo pathu. Madzulo alionse ndinkatchera maliwa kuzungulira nkhokwe: mwala wafulati, kamtengo, kachingwe, ndi nyambo ya mtedza wokazinga wothira kamchere, poti khoswe nayenso ndi mlendo. M'mawa ndinkandandalika mitembo pakhonde. Ena anali aakulu moti tinkanyamula awiri, ine kumutu, Esnati kumiyendo. Mukamufunse. Bambo, mphunzitsi wouma pakamwa pa nkhani yoyamikira, ankangoti, "Pano pali mwamuna." Ndipo tsiku la ndiwo za mlamba, mutu unali wanga. Panalibe wotsutsa.

Kenako amayi anabwera kuchokera ku Nsaru ndi kamphaka m'dengu, kamene anawapatsa a Che Saidi a golosale. Kanali kowonda ngati chingwe cha nsapato. Sikanatcherepo diwa, sikanasenzepo mwala. Ntchito yake inali kuzungulira nkhokwe kamodzi ngati kapitawo wa pa esiteti ya fodya, n'kukagona pampando wa bambo, mpando umene ine ndinkapotoledwa khutu ndikangoutsamira.

Makoswe anayamba kuchepa. Pakhonde ndinkaika awiri, mawa lake mmodzi, nayenso wodwaladwala. Ndiye Loweruka lina ndinaona ndi maso angawa mutu wa mlamba ukudutsa mbale yanga, n'kukatera pansi pa tebulo.

"Amayi, kodi ameneyu wagwira angati?"

"Idya, Madalitso."

"Atisonyeze mtembo umodzi wokha!"

Esnati anatsamwa ndi phwete. "Nsanje ndi mphaka, eti? Upemphenso mchira."

Ndinanyanyala ntchito. Ndinagwetsa maliwa onse, nyambo n'kudya ndekha. Ndinkafuna makoswe abwerere ndi azilamu awo, adye nkhokwe mpaka miyendo, kuti bambo adzandipepese pamaso pa mphakayo. Ndinadikira. Ndinkagunditsa khutu pankhokwe: zii! Ngakhale ochepa amene anatsala aja anasamuka osatsanzika.

Patapita masabata angapo bambo anandiitanira kuseri. Anatulutsa chimanga m'nkhokwe n'kundigwiritsa. Chinali chathunthu, chopanda dzino la khoswe, chonunkhira dzuwa.

"Mwana wanga, fungo la mtedza wako linkafika mpaka ku Mpingu. Makoswe a mudzi wonse ankabwera kuphwando lako. Diwa linkapha mmodzi, abale ake n'kulowa m'nkhokwe kukadya zapamaliro. Amayi ako anaona kalekale, koma tinkakumvera chisoni."

"Nanga mphakayu? Sanaonetsepo kanthu."

"Ife sitidya mitembo ya makoswe. Timadya chimanga."

Mutu wa mlamba sunabwererenso m'mbale yanga. Ndinapatsidwa ntchito yolambula udzu kuzungulira nkhokwe ndi kutseka mauna ndi dothi, ntchito imene munthu sangaindandalike pakhonde.

Lero ndili ndi imvi, ndipo ndikumvetsa kuti amene ali ndi zambiri zoonetsa m'mawa nthawi zina ndi yemweyo anaitana vutolo madzulo, pamene ntchito yogwirika bwino imangokhala phee, osadzitchula dzina. Zimenezi ndinavomera ndi mtima wonse. Koma kumvetsa si kukhululuka. Mphaka uja anakhala nafe mpaka kukalamba, tikudya pakhomo limodzi, ndipo sitinalankhulanepo.