Mpando wachitatu kwa dokotala

Ine sindikhulupirira munthu. Inu amene mumawerenga gawo lino sabata ndi sabata mukudziwa kale. Nyama ya ku City Market ndimainunkhiza kawiri. Mankhwala ndimawerenga tsiku lake lothera, ngakhale wogulitsa azindiyang'ana ndi diso lofiira. Kondakitala akakuwa kuti minibasi yatsala munthu mmodzi, ndimasuzumira ndekha. Ndakalambira mu Kabwata muno, ndaika m'manda mwamuna ndi ana awiri, ndipo ndakhala ndikunena kuti kukayika ndiko kwandisunga.

Lachiwiri lapitali kukayika komweko kunatsala pang'ono kugoneka mpongozi wanga pansi pa mpeni wolakwika.

Ndimutcha amake Taonga, koma si dzina lake. Wandilola kulemba, bola ndisamutchule. Ndi mkazi wa mwana wanga wamwamuna, amakhala ku Chelstone ndi ana atatu, ndipo amagwira ntchito mu ofesi ina ku Longacres. Thupi lake linakula zaka zapitazi mpaka chitenje chimodzi chinasiya kumukwana. Kutchalitchi amayi ankamusisita paphewa. "Koma mwana wanu akusunga bwino mkazi!" Ine ndinkamwetulira ngati ndine ndinamunenepetsa.

Kenaka kunabwera shuga, kuthamanga kwa magazi, maondo olira pa sitepe iliyonse. Anayesa kusala, anayesa timasamba towawa tonse ta m'tauni muno, thupi osamva. Madokotala anamuuza kuti aganizire za opaleshoni yochepetsa thupi. Mwamuna wake ali ku migodi ku Solwezi, sakanatha kubwera pa tsiku lokaonana ndi dokotala wa opaleshoniyo ku Woodlands. Ndinadzituma ndekha. Munthu wokadulidwa chifu apite yekha kwa anthu osawadziwa? Ine ndili moyo?

Dokotalayo ndi wamng'ono kuposa mwana wanga womaliza. Atationa tikulowa awiri anati, "Ambuya, mungayembekezeko panja pang'ono?"

"Panja ndikaonako chiyani?" ndinatero. "Mutu umodzi susenza denga."

M'chipindamo munali mipando iwiri, wake ndi wa wodwala. Wachitatu unali pakona, pali mafaelo. Ndinatsitsa mafaelowo, ndikuukoka ndekha.

Dokotala anayang'ana amake Taonga. "Muli nazo bwino kuti ankhalemo?"

"Ni apongozi anga, ba dokota," anayankha chapansipansi.

Ine ndinamva ngati wavomera. Lero ndikudziwa kuti anali kupempha thandizo.

Mnyamatayo anajambula papepala njira ziwiri. Yoyamba amaitcha silivu: amadula mbali yaikulu ya chifu, chotsalacho chimakhala chopyapyala ngati nthochi, matumbo osawakhudza. Yachiwiri amaitcha baipasi: amasiya kachifu kakang'ono, ndi kukalumikiza ku matumbo cha kutsogolo, kuti chakudya chizilumpha chigawo china cha njira yake. Anati yachiwiriyi imathandiza kwambiri pa shuga, koma imafuna munthu wa matumbo abwino.

Ndinamupanikiza, musakayike. Mwadulapo angati? Akuyenda? Chidutswa cha chifu mukachichotsa mumapita nacho kuti? Anaseka, koma anayankha zonse. Ndinadziona ngati loya.

Kenaka anatenga fomu, nayamba kufunsa wodwala. Mtima? Chifuwa? Atafika pena anakweza maso.

"Nanga m'mimba? Kutsegula kosaleka, magazi ku toileti, zilonda za m'matumbo?"

Amake Taonga anandiyang'ana kamodzi, kenaka anayang'ana zala zake.

"Iyayi."

"Mankhwala amene mukumwa?"

Anatchula a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Anathera pomwepo.

Ndipo ine, wochenjera wa mu Kabwata, ndinathirapo ndemanga. "Uyu ndi wathanzi, adokotala. Vuto lake ndi mbale basi."

Dokotala anati ngati zili choncho njira zonse ziwiri n'zotheka, koma chifukwa cha shuga akuona kuti baipasi ingamuyenere. Anatipatsa tsiku lodzapima magazi ndi zina. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Palibe amene anatipusitsa.

Tili pa siteji kudikira minibasi, nkhope ya amake Taonga inasanduka phulusa. Thukuta linali chuchuchu. Anandiponyera chikwama chake m'manja, nathamangira ku chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta, munthu amene maondo ake salola kuthamanga.

Ndiulule tchimo langa. Chikwama cha munthu chikakhala m'manja mwanga, ndimatsegula. Ndi khalidwe loipa, ndikudziwa, ndakalamba nalo.

Munali pepala la kuchimbudzi, mpukutu wathunthu. Kabudula wam'kati wosinthira, wopindidwa bwino m'pulasitiki. Kasopo. Mabotolo awiri a mapiritsi amene sanatchulidwe kwa dokotala. Ndi khadi la chipatala china, la ku dipatimenti ya matenda a m'matumbo, lothaitha m'makona, masiku ake odzadza mpaka kumbuyo. Tsiku loyamba linali la zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinakhala pa kakhoma pafupi ndi msewu. Zonse zinabwera pamodzi. Mtsikana uyu sadya kwanga. Amangotola pang'ono ndi kusamba m'manja. Ndinkati amanyoza kuphika kwanga, kapena akuganiza kuti ndimuthirira kanthu. Pamaliro sagona, amabwerera kwawo dzuwa likamalowa. Ndinkati ndi matama a ku ofesi. Kutchalitchi amakhala pafupi ndi khomo, ndipo amatuluka ulaliki uli pakati. Ndinafika mpaka poganiza kuti amakayankha foni ya mwamuna wina. Inde, ndinaganiza zimenezo. Zaka zonsezi ndinkamuyang'anitsitsa ngati kabawi, ndipo sindinaone kalikonse.

Atabwerera anapeza chikwama chili chotsegula pamiyendo panga. Sanakalipe. Anangokhala pambali panga, nayamba kulira mopanda mawu.

"Amake Taonga, ichi n'chiyani?"

"Ni Crohn, amai. Matumbo amatupa, amachita vilonda. Sivipola. Vimagona chabe, manje vauka."

"Nanga kunenepaku?"

"Kwina ni mapilisi yamene amanipatsa vikauka. Yamanenepetsa. Na shuga yamakweza."

Thupi lija tinkaliyamikira kutchalitchi, lija ndinkanyadira kuti mwana wanga amadziwa kusunga mkazi, mbali ina linali mankhwala a munthu wodwala.

"Mwamuna wako akudziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye ine ndekha ndiye chitsiru cha m'banja?"

Anapukuta m'maso. "Mwana wanu anakamba kuti tisakuuzeni. Ati mudzakamba kuti nabweletsa matenda mu banja, mudzayamba kufufuza kwathu."

Ndinafuna kukana. Koma ndikanafufuzadi. Ndikanatumiza uthenga ku Katete kwa abale ake sabata yomweyo.

"Chabwino, ine munandibisira. Nanga dokotala? Munthu woti akakutsegule pamimba? Wamva wekha akunena kuti njira ija imafuna matumbo abwino!"

Apa ndiye anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire.

"Amai, ningakambe bwanji va ku toileti pamenso panu? Kuti nimapita kangati, kuti mumachoka chani? Imwe munaniphunzitsa mweka kuti mpongozi sakamba va thupi pamene pali apongozi. Ninali nakonzeka kumuuza zonse, khadi nayo nabwela nayo. Koma munadonsa mpando."

Munadonsa mpando. Pachinyanja cha m'tauni muno, ndiko kuti munakoka mpando. Mawu amenewo sanandichoke m'khutu mpaka lero.

Mwina ena mukuti akanadzapeza popima. Mwina. Mwina akanabwerera yekha tsiku lina kukaulula. Mwina manyazi akanamugwira kawiri, poti bodza ukalinena kamodzi pamaso pa munthu wophunzira, kukalibweza n'kovuta. Ine moyo wanga wonse sindinadalirepo mwina, ndipo sindiyamba ndi matumbo a mayi wa zidzukulu zanga.

Tsono ndikufunseni, inu anzanga operekeza odwala. Pitani pa chipatala chilichonse mu Lusaka muno mmawa, muone mabenchi. Wodwala mmodzi, operekeza anayi. Dzina likaitanidwa, onse nyamu kulowa. Mwamuna amayankhira mkazi. Azakhali amayankhira mtsikana. Mkulu wa mpingo amaimirira kumutu kwa bedi. Timati ndi chikondi, ndipo pena ndi chikondidi. Kwathu munthu sadwala yekha. Koma ulemu umene tinaphunzitsa ana athu sutsala pakhomo la dokotala. Umalowa nawo, umakhala pa mpando, umawatseka pakamwa.

Ndipo pa matenda onse, a m'matumbo ndiwo tinawaika pansi penipeni. Shuga timaitchula pa chikondwerero. Kuthamanga kwa magazi timanyadira ngati digiri. Koma ndani anaimirirapo pa msonkhano wa amayi kunena kuti mundipempherere, ndimataya magazi kuchimbudzi? Munthu amayenda ndi kabudula wosinthira m'chikwama zaka zisanu ndi ziwiri, akudziwa chimbudzi chilichonse kuyambira ku Chelstone mpaka m'tauni, ife n'kumamutcha wamatama.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sananene kuti apongozi ake amutsekulire, kapena amutsatire mkati.

Choipa china n'chakuti ngakhale zitamuyendera bwino, mpumulo sadzaupeza. Akanenepa timati akudya bwino, uku akufa. Akadzaonda, amayi omwe aja ankamusisita paphewa adzayamba kunong'onezana kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo matenda amene adzamupatse mukuwadziwa. Tauni ino siilola mkazi kuonda mwamtendere. Ndikudziwa chifukwa pa onong'onawo, ine ndakhala ndikutsogolera nyimbo.

Minibasi zinadutsa zitatu tili pa kakhoma paja. Kenaka ndinaimirira.

"Tiye tibwerere."

"Lelo lomwe?"

"Tsopano lino, manyazi asanaume."

Nesi anati tidikire, dokotala ali ndi wodwala wina. Tinadikira. Dzina lake litaitanidwa, thupi langa linanyamuka lokha pa benchi, mwa chizolowezi. Amake Taonga anaima pakhomo, khadi lake lili m'manja. Ndinakhalanso pansi.

Chitseko chinatsekedwa. Sindinakhalepo nthawi yaitali chotero m'moyo wanga. Ndinawerenga matailosi. Ndinayesa kutchera khutu, koma zitseko za ku Woodlands n'zochindikala. Mumtima ndinkangoti mnyamata uja amunyengerera, amusainitsa pepala, amuuza zoti sakuzimva, ine kulibe.

Anatuluka maso ali ofiira, koma akuyenda mowongoka.

Anati baipasi yachotsedwa. Dokotala wamuuza kuti matenda akewo amatha kugwira pena paliponse m'matumbo, ngakhale pamene alumikiza, ndipo munthu wotsegula kale m'mimba, thupi lake likulephera kale kutenga zofunika m'chakudya, sungamufupikitsirenso njira. Silivu ndiyo angaiganizire, poti sikhudza matumbo, koma nayonso ili ndi zake: chilungulira, mavitamini a moyo wonse, ndipo chifu chikadulidwa sichimeranso. Ndipo si tsopano. Matendawo ali maso, ndipo mapiritsi onenepetsa aja amachedwetsa bala kupola. Ayambe agona matendawo, dokotalayo akambirane ndi mnzake wa matumbo, ndiye adzaone. Mwina miyezi. Mwina adzanena kuti ayi.

Ndiye palibe chimene tinapambana. Shuga ikadalipo, maondo akadalira, matumbo akadatupa. Mmawa anali ndi njira ziwiri, madzulo anatsala ndi theka la imodzi. Chimene tinapulumuka ndi mpeni wolakwika basi, ndipo amene anatsala pang'ono kuunola ndine.

Mu minibasi ndinamufunsa, "Ananenanso chiyani?"

"Vina ni vanga, amai," anatero, mofatsa, akuyang'ana pawindo.

Choncho zimene ndakuuzanizi ndi zimene iye anasankha kundiuza. Mwina pali zina zolemera kuposa izi. Sindidziwa, ndipo chikwama chake sindidzachitsegulanso. Ine amene sindikhulupirira wogulitsa nyama, ndiyenera tsopano kukhulupirira mtsikana amene anandibisira zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mnyamata wovala choyera amene sindinamve zimene ananena. Zikundiwawa ngati dzino.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikulondera khomo kuti choipa chisalowe m'banja langa. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wodwala adzayang'ana m'chipinda cha dokotala kufuna chimene akuchiopa, n'kupeza ine.

Inu amene mawa mukuperekeza wodwala, musanakoke mpando wachitatu uja, mwamufunsa ali yekha ngati akukufunani mkatimo?