Galimoto ya Mipando Iwiri

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti, "Mwana akabwera ndi galimoto yatsopano, musamayang'ane utoto. Muziwerenga mipando."

Mdzukulu wanga, amene ndinamulera ndekha, amagwira ntchito ku Joni. Galimoto yake yakale inali yofiira, yothamanga, yaphokoso ngati chigayo, koma inali ndi mpando wakumbuyo. Akabwera ankandikhazika pamenepo n'kupita nane kuchipatala ku boma kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Chitunda cha kwathu ku Kanduku inkakwera mokhula pansi, komabe inkafika pakhomo.

Ya chaka chino sinafike. Anaiimika kumsewu waukulu, n'kunditumizira kabaza kuti ndikaione. Ndinaipeza itagwada pansi, moti ngakhale nkhuku singadutse kunsi kwake.

"Agogo, iyi ndi mphepo," anatero. "Yakale ija inali ngolo."

Ndinasuzumira m'kati. Mipando inali iwiri basi, wina atakhalapo kale mkazi wake.

"Nanga ine ndikhala pati?"

"Muzikwera minibasi, agogo. Msewu wanuwu ungandiphwanyire galimoto."

Ndinagwira chitseko chake n'kunena kuti ndi yokongola, poti inalidi yokongola. Analiza injini, ulendo wa ku Blantyre.

Mankhwala aja atsala pang'ono kutha. Makiyi a nyumba yanga sindipatsa munthu, ndipo sindiyamba lero. Koma inu anzanga a m'mudzi muno, mukamadutsa kuno, muziima pabwalo n'kuodira. Ndikayankha, pitirizani ulendo wanu. Ndikapanda kuyankha, mukankhe chitseko.