Manja a Mayi a Kuseri Kwathu

Mayi a kuseri kwathu kuno ku Kapichila amavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mawanga akuda anawagwira m'khosi ndi m'manja. Kuchipatala anawauza kuti si matenda opatsirana, koma mudzi sumva zimenezo. "Khungu n'chovala chabe," amatero, n'kuseka okha.

Kale mwana akabadwa m'mudzi muno, oyamba kumusambitsa anali iwowa. Ine ndi mlongo wanga Keziya tinadzera m'manja omwewo.

Sabata yatha anabwera ndi sopo kudzaona khanda la Keziya. Atatambasula manja, Keziya anawafulatira, nati mwana akuyamwa. Khandalo linali m'tulo.

Anaika sopoyo pamphasa, nabweza manja m'chitenje.

"Yewo, mwana wanga. Madzi ake asamatenthe kwambiri."