Esinala ndi Njira Zake za Nsomba

Esinala anabwera kuno ku Chiromo atakwatiwa ndi mchimwene wanga Smart, asakutha n'komwe kusiyanitsa mlamba ndi makakana. Kwawo ndi kwa Chapananga, kwa mbuzi ndi fumbi. Ndine amene ndinamuphunzitsa kutumbula nsomba ndi kuziwamba pa moto wofatsa. Izi ndimakonda kuyamba nazo, chifukwa masiku ano anthu amayankhula ngati mlamu wangayo anabadwira m'bwato.

Pa doko lathu pali lamulo lakale. Bwato likamatulukira m'mabango, ife amayi ogula timathamangira m'madzi, ndipo amene wayamba kuponya chitenje chake pabwatolo, nsomba amagula ndi iyeyo. Ine pa zimenezi ndinali katswiri. Esinala anayesa kangapo, n'kumabwerako atanyowa mpaka m'khosi, dengu lili lopanda kanthu. Tinkamuseka mpaka nthiti kuwawa.

Kenaka anangosiya kulowa m'madzi. Ankakhala pamthunzi n'kumangoyang'ana. Chimene chimandipweteka n'chakuti anaona zomwe tonse tinkaziona tsiku ndi tsiku: nsomba zikuwola chifukwa kuno nkhuni n'zosowa, ndi akabaza akupita atalemedwa n'kumabwerera opanda katundu. Pamene kwawo kwa Esinala nkhuni ndi mapira zilipo, nsomba ndiye amazilawa pa Khirisimasi.

Anayamba kulumikiza anthu mmodzimmodzi. Amayi ena kuwamba pa doko pompo, wabwato kuwolotsa madengu kupita tsidya la ku Bangula, msuweni wake Gideon kuwakweza pa lole mpaka ku boma la Chikwawa, mng'ono wake Priska kuwalandira n'kukagulitsa kwa Chapananga. Aliyense ali ndi chigawo chake cha ulendo, sadumphira cha mnzake. Ndipo palibe wobwerera chimanjamanja: madengu omwewo amabwera ndi mapira ndi mchere, pamwamba pali mitolo ya nkhuni. Akuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chabwino, koma bwanji kalumoko kanabwera ndi munthu amene ndinkamuseka?

Analinso ndi kachizolowezi kena. Nthawi zina ankatumiza madengu angapo kudzera tsidya lino, njira ya kwa Makhuwira ndi Thabwa, yomwe ndi yaitali komanso yokumbikakumbika. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino.

"Mlamu, njira imene suyendamo imamera udzu," anandiyankha. "Anthu a kumeneko asandiiwale."

Chaka cha madzi osefukira, Ruo ndi Shire atakumana m'nyumba zathu, tinathawira kumtunda. Ku Bangula kunali kosawolokeka. Njala inatigwira zenizeni. Ndiye tsiku lina tinangoona akabaza akutulukira kuchokera kwa Makhuwira, matope mpaka m'mawondo, akukankha njinga za matumba a mapira. Esinala anagawira mabanja a asodzi, lathu lomwe, pakuti amuna anga a Howard ndi asodzi. Phalalo ndinamwa, koma linkadutsa pakhosi ngati mchenga.

Madzi ataphwera tinabwerera pa doko. Mabwato ambiri anali atayamba kale kulunjika kwa Esinala, ndipo ine ndinkadzilimbitsa mtima kuti lilipo limodzi lomwe sangalikhudze. Bwato la amuna anga ndilo linkandisiyanitsa ndi amayi ongowambira anzawo. Nditaliona likubwera, lozama ndi milamba, ndinalowa m'madzi monga kale n'kuponya chitenje changa. Chinagwera pakatikati penipeni.

A Howard anachitola, n'kuchipinda bwinobwino ngati chovala cha ku tchalitchi, n'kundibwezera doko lonse likuona.

"Mayi a Tamanda, izi n'za alamu anu."

"Bambo a Tamanda, ine ndi mkazi wanu kapena mlendo?"

"Nkhabe, iyayi, musatero. Kodi mapira munadya aja anali a ndani?"

Palibe amene anaseka, ndipo bola akanaseka. Esinala anabwera kudzaima pambali panga m'madzi momwemo. Akanakhala wonyada, bwenzi ndikumuda momasuka. Koma anayankhula motsitsa mawu.

"Mlamu, milamba iyi ikupita kutali. Pano palibe woiwamba kuposa inu. Nkhuni zafika, zili pamtunda apo."

Njiru ndili nayo mpaka lero, sindibisa. Ndikamva kuti kwa Chapananga anthu amafunsa za "milamba ya Esinala", mtima umandiwawa, chifukwa yogwira amuna anga, yowamba ine. Koma Tamanda amafuna kudya, ndipo doko lija silinabwererenso mwakale.

Tsiku lomwelo ndinatuluka m'madzi, n'kufinya chitenje chija. Ndinachipota kukhala nkhata, ndinaika pamutu, n'kukasenza nkhuni za Esinala.